Musanalembe fomu ya masitazi, tsegulani kaundula wa mu labu yanu

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Ndinamaliza digiri ya Biomedical Sciences ku Mzuni zaka zisanu zapitazo, ndipo ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala china mumzinda muno. Ndikufuna digiri yachiwiri. Anzanga onse akuthamangira MPH (Master of Public Health), ena akuti ndidikire sikolashipu ya kunja, pomwe bambo a kunyumba akuti ndisayerekeze kusiya ntchito. Ndisankhe chiyani, nanga ndiyambire pati?

Yankho: Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndakhala ndikuphunzitsa ndi kuyang'anira ophunzira a digiri yachiwiri kwa zaka zambiri ndithu, ndipo funso ngati lanuli silisowa pa tebulo langa. Ndaiwerenga kalatayo kawiri, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndachisowa. Mwatchula MPH, mwatchula kunja, mwatchula ntchito, koma simunatchule matenda kapena kachilombo kalikonse. Zaka zisanu muli pa benchi, diso lili pa maikulosikopu, manja ali m'magolovesi. Palibe chimene munachionapo n'kupita nacho kunyumba mumtima, mukudzifunsa kuti zimenezi zikuchitika bwanji? Ndikufunsa chonchi chifukwa digiri yachiwiri ya sayansi ya zaumoyo imasiyana kwambiri ndi yoyamba ija. Pa yoyamba munkaphunzira zimene ena anapeza kale. Pa yachiwiri mumaphunzira kufunsa funso limene yankho lake mulibe m'buku, n'kulilondola mwadongosolo mpaka anthu ena odziwa atakhutira kuti zimene mwapezazo n'zoona. Munthu wolowa alibe funso amazunzika nayo, ndipo ambiri otere amamaliza makalasi onse bwinobwino n'kukatitimira pa kafukufuku.

Ndiyambe ndamasula mayinawa, chifukwa amasokoneza anthu. MMed ndi ya madokotala amene ali kale ndi MBBS, digiri yoyamba ya udokotala, amene akufuna ukatswiri wa maopaleshoni, matenda a ana, uchembere ndi zina, ndipo imatenga zaka zinayi. Imeneyo siikukhudzani. Ndanena dala chifukwa alipo amene amaganiza kuti masitazi ya sayansi ya zaumoyo idzawalola kuona odwala ndi kulemba mankhwala. Ayi. Ku Medical Council of Malawi mudzakhalabe m'kaundula wa ntchito imene munaphunzira poyamba. MPH imayang'ana umoyo wa gulu: miliri, katemera, kayendetsedwe ka mapulogalamu a zaumoyo, ndondomeko za boma. MSc ya mu labu, monga ya tizilombo toyambitsa matenda, ya chitetezo cha m'thupi kapena ya majini, imakulowetsani mozama pa benchi pomwe mulipo kale. Palinso MSc ya epidemiology ndi ya biostatistics, zimene zimaphunzitsa kuwerengera m'mene matenda akufalira ndi kusanthula manambala. Ndiye pali MPhil, imene makalasi ake ndi ochepa, ndipo pafupifupi nthawi yonse mumakhala pa kafukufuku wanu ndi supavaiza wanu.

Maganizo anga pa MPH ndi awa. Ndi digiri yabwino, ndipo ku KUHeS, yunivesite imene inayamba kuyenda payokha mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, yaphunzitsa anthu ambiri amene lero akuyendetsa zaumoyo m'maboma ndi m'mabungwe. Koma ikukopa anamwino, azaukhondo, madokotala, azamankhwala, onse pakhomo limodzi. Mukailowa chifukwa anzanu alowa, mudzatuluka muli m'gulu lalikulu la anthu a pepala lofanana, mutasiya luso limene linkakusiyanitsani nawo. Anthu odziwa kulera tizilombo ta m'magazi, kuyeza mankhwala amene tikumva ndi amene tasiya kumva, kuwerenga majini athu ndi a tizilombo, n'kulemba zimenezi momveka, ndi ochepa m'dziko muno, ndipo kumpoto kuno ndiye ochepetsetsa. Ngati mtima wanu uli pa kuyendetsa mapulogalamu, pitani ku MPH mosakayika. Ngati mumasangalala mukaona mbale ya kalicha, yolereramo tizilombo, itamera m'mawa, musathawe pa benchi.

Mwina mukuganiza kuti kafukufuku weniweni amachitikira ku London, ife kuno timangotumiza magazi. Mbiri ya dziko lathu ikukana zimenezo. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titasiya kumva chloroquine. Ofufuza a ku Blantyre anapitiriza kuyeza magazi chaka ndi chaka, ndipo anaona kuti kusintha kwa jini yotchedwa pfcrt, kumene kunkachititsa kusamvako, kukuzimiririka. Pofika mu 2006 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti chloroquine wayambanso kuchiza malungo mwa ana pafupifupi onse amene anawayesa. Izi sizinatanthauze kuti tibwerere ku chloroquine, paja mu 2007 tinasamukira ku LA, koma dziko lonse lapansi linaphunzira kuchokera kuno kuti tizilombo tingathe kuyambanso kumva mankhwala akachotsedwa kwa nthawi yaitali. Muyeso umene madokotala m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito poona kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo dzina lake ndi Blantyre Coma Score, ndipo unapangidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, n'kusindikizidwa mu 1989. Katemera wa taifodi amene ana athu anayamba kulandira mu 2023 anayesedwa kaye pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Kumbuyo kwa chilichonse mwa zimenezi kunali anthu a mu labu onga inu, olemba manambala pa machubu mosaphonya.

Ndikhalitse pang'ono pa za kumpoto, chifukwa ndi zimene ophunzira a kuno amazidumpha maso ali ku Blantyre. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kuli malo a kafukufuku amene anayamba mu 1979 pofufuza za khate. Kumeneko n'kumene anapeza, m'zotsatira zimene zinatuluka mu 1996, kuti kubwereza katemera wa BCG kumawonjezera chitetezo ku khate koma osati ku chifuwa chachikulu. Malowa, amene ankadziwika kuti Karonga Prevention Study, lero ndi gawo la bungwe la kafukufuku la MEIRU, ndipo kuyambira mu 2002 akhala akulemba obadwa, omwalira ndi osamuka m'midzi ya kumeneko mosadukiza. Tsopano akufufuzanso za shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa wophunzira masitazi, deta yosungidwa bwino kwa zaka zoposa makumi awiri ndi chuma chosasimbika, ndipo ili pa ulendo wa maola ochepa kuchokera pa depoti ya Mzuzu, kungotsika Chiweta. Ku Rumphi nako, midzi yozungulira Vwaza yakhala ikuvutika ndi kaodzera wofalitsidwa ndi kashembe, mtundu wa rhodesiense umene umapha msanga. Kwa zaka zambiri wodwala amene matendawa afika mu ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi arsenic amene pawokha ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 alionse owalandira. Mapiritsi a fexinidazole anayesedwa pa odwala a pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ena ochepa a ku Uganda, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linapereka maganizo ovomereza kuti agwiritsidwe ntchito pa mtundu umenewu. Zimenezi zachitikira pakhomo pathu. Onjezani likodzo la m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay, ndi kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo inasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja. Mafunso kuno sasowa. Osowa ndi anthu oti awanyamule.

N'chifukwa chake ndikuti tsegulani kaundula wa mu labu yanu. Mwa masampulo a mkodzo kapena a mafinya amene munalera m'zaka zitatu zapitazi, ndi angati anameretsa tizilombo tosamva mankhwala a ceftriaxone? Chiwerengerocho chikukwera kapena chili pamodzimodzi? Odwala amene makina a GeneXpert anawapeza ndi chifuwa chachikulu chosamva mankhwala a rifampicin anachokera kuti, ndipo panapita masiku angati asanayambe mankhwala? Magazi oika anthu amatha miyezi iti, ndipo n'chifukwa chiyani? Funso lililonse mwa amenewa likhoza kubala masitazi, ndipo silifuna makina a mamiliyoni. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi lofuna kumeza dziko lonse. Wophunzira amabwera ndi mutu wakuti afufuza kusamva mankhwala kwa tizilombo m'Malawi, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi ndi ndalama za m'thumba mwake. Chepetsani. Kachilombo kamodzi, chipatala chimodzi, zaka zodziwika. Funso laling'ono loyankhidwa bwino limasindikizidwa mu Malawi Medical Journal, pomwe lalikulu limathera mu laputopu. Chenjezo limodzi lokha: kuona kaundula kuti mupeze funso n'kololedwa, koma kukopera mayina ndi zotsatira za odwala n'kupita nazo kunyumba musanalandire chilolezo n'kulakwa kwakukulu.

Mukapeza funso, sakani munthu musanasake sukulu. Supavaiza ndiye amene adzakumalizitseni kapena kukugwetsani ulesi. Ine ndili wophunzira ndinadikira miyezi isanu ndi itatu kuti mutu umodzi wa buku la kafukufuku wanga uwerengedwe, chifukwa amene ankandiyang'anira anali ndi ophunzira ochuluka ndi maulendo osatha. Anali munthu wanzeru ndi wodziwika, koma nthawi analibe, ndipo chaka chinandithera m'manja. Kuchokera pamenepo ndimauza aliyense kuti dzina lalikulu lisamukope. Lowani pa PubMed, tsamba la pa intaneti losakirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, n'zaulere, lembani dzina la matenda anu pamodzi ndi liwu lakuti Malawi, muone amene alembapo m'zaka zisanu zapitazi. Werengani mapepala awo awiri kapena atatu mpaka kumapeto, ngakhale gawo la manambala likupweteketseni mutu. Kenako alembereni imelo yaifupi yonena kuti ndinu ndani, mwaona chiyani mu labu yanu, ndipo mwawerenga chiyani cha iwo. Kalata yotere imayankhidwa. Yongoti ndikufuna sikolashipu, chonde ndithandizeni, timalandira zambirimbiri ndipo sitidziwa poyambira. Akakuyankhani, funsani ophunzira awo akale mwakachetechete: amabweza ntchito pakatha masabata angati, ndipo ndi angati anamaliza? Safunsa anadya phula.

Tsopano za ndalama ndi ntchito, ndipo apa ndili mbali ya bambo a kwanu. Musasiye ntchito musanagwire kalata m'manja yonena amene alipire fizi, kafukufuku ndi chakudya chanu. Lonjezo la pakamwa si kalata. Ngati muli m'boma, pemphani tchuthi cha maphunziro kudzera kwa akuluakulu anu ndi ku unduna, ndipo yambani msanga chifukwa mafayilo sathamanga. Mudzasainira bondi yoti mudzagwire ntchito zaka zingapo mukabwerako. Iwerengeni bwino musanasaine. Funsaninso mosabisa ngati digiriyo idzasinthe giredi yanu, popeza m'boma kukwezedwa kumadalira malo opanda munthu ndi maintavyu, pepala lokha silikweza munthu. Ndaona anthu atabwerako ndi masitazi n'kukhala pa malipiro omwe aja zaka zingapo, mitima itawawa chifukwa palibe anawachenjeza.

Ambiri amawerengera fizi yokha n'kuiwala kuti kafukufuku wa mu labu amadya ndalama kuposa makalasi. Mankhwala oyezera pafupifupi onse amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti amene ophunzira analemba miyezi ingapo m'mbuyomo anasanduka mapepala chabe. Pa chifukwa chimenechi njira yabwino koposa kwa munthu wa mu labu ndi kulowa pansi pa kafukufuku wamkulu amene ali kale ndi ndalama, n'kutengapo kagawo kanu. Malo ngati Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe ndi MEIRU amalengeza nthawi ndi nthawi mwayi wa ophunzira ndi ofufuza ongoyamba kumene. Muziona masamba awo mwezi uliwonse.

Za kunja, mwayi ulipo ndithu: Commonwealth, Chevening, Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, DAAD ya ku Germany, ndi pulogalamu ya TDR ya bungwe la WHO. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, zimene inu mwapitirira kale, ndiponso kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Masitazi ya ku Britain imatenga chaka chimodzi, yothina kwambiri, pomwe ya kuno kapena ya ku South Africa nthawi zambiri ndi zaka ziwiri. Mayunivesite ambiri adzafuna mayeso a Chingerezi monga IELTS, ndipo ndalama zake zimachoka m'thumba mwanu. Lembani, koma musaimitse moyo podikira. Ambiri amene anapeza mwayiwu anakanidwapo kamodzi kapena kawiri, ndipo chimene chinasintha ulendo wotsatira n'chakuti anali ndi choonetsa, kaya kapepala kosindikizidwa, kaya zotsatira zimene anakafotokoza pa msonkhano wa ofufuza. Komiti yosankha imawerenga makalata mazanamazana onena kuti ndikufuna kuthandiza dziko langa. Yonena kuti mu labu yathu ku Mzuzu ndinaona chakuti, ndinawerenga masampulo akuti, ndikufuna kuphunzira njira yakuti kuti ndipeze chifukwa chake, imeneyo amaiika pambali kuti aionenso.

Poti ana akadali aang'ono, ganiziraninso zophunzira muli pakhomo. London School of Hygiene and Tropical Medicine ili ndi madigiri a pa intaneti a epidemiology ndi a matenda opatsirana, ndipo Commonwealth ili ndi sikolashipu zapadera za maphunziro a patali. Zimafuna kudziletsa kwakukulu, kuwerenga usiku ana atagona m'chisanu cha mu Juni chija, koma zimatheka. Chimene sizingakupatseni ndi luso la manja, choncho ngati cholinga chanu ndi kuwerenga majini, muyenera kukakhala mu labu yeniyeni kwa miyezi. Ndipo sukulu iliyonse imene simukuidziwa bwino, makamaka za pa intaneti zolonjeza masitazi ya miyezi isanu ndi umodzi, funsani ku National Council for Higher Education musanalipire tambala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukalowa, zinthu zitatu zidzakudyerani nthawi kuposa m'mene mukuganizira. Choyamba ndi chilolezo cha komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku. Ku KUHeS ndi COMREC, ku Mzuni ndi MZUNIREC, ndipo pali ya dziko lonse, NHSRC. Pulopozo imabwezedwa kuti mukonze, mwina kawiri, ndipo simungatenge ngakhale dontho limodzi la magazi isanavomerezedwe. Musaione ngati chipsinjo. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, m'mene anthu anaphedwera pongoganiziridwa. Munthu wopita kumudzi ndi machubu ayenera kuyamba waonana ndi a DHO, amfumu ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, n'kufotokoza m'chilankhulo cha eni mudzi, kaya Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde, kuti magaziwo akupita kuti ndipo otsala adzatani nawo. Chachiwiri ndi magetsi. Ndinatayapo masampulo a miyezi inayi usiku umodzi, filiza itazima kumapeto kwa sabata jenereta ilibe mafuta. Kuyambira tsiku limenelo sampulo iliyonse ndimaigawa pawiri n'kuisunga m'mafiliza awiri osiyana, ndipo deta ndimaisunga malo atatu. Chachitatu ndi manambala. Anthu a mu labu ambiri timawaopa, ndipo timathamangira kwa wodziwa masamu kafukufuku atatha kale, pamene palibenso chokonza. Muonaneni naye musanatole sampulo yoyamba, akuuzeni masampulo angati akufunika kuti yankho lanu likhale lodalirika. Pulogalamu ya R yosanthulira manambala ndi yaulere, Zotero yosungira mabuku amene mwawerenga ndi yaulerenso, ndipo mungayambe kuziphunzira mawa lomwe pa laputopu yanu.

Za pakhomo musazisiye kumapeto. Khalani pansi ndi bambo, muwauze zoona zake, kuti kwa zaka ziwiri ndalama zidzachepa, kuti mwina muzidzakhala ku Blantyre masabata angapo motsatizana, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndiponso kuti miyezi yolemba buku mudzakhala muli m'nyumba koma ngati mulibemo. Gwirizanani za amene adzaone ana, kaya ndi agogo awo kaya ndi mng'ono wanu. Amayi amene ndawaona akumaliza pa nthawi yake sanali anzeru kuposa anzawo, koma nkhani imeneyi anaikambirana isanafike. Ndipo poti bambowo akudera nkhawa za ntchito, aonetseni kalata ya tchuthi ndi bajeti yolembedwa, mudzaona kuti mtima wawo ukhala pansi.

Mwezi uno chitani izi. Pemphani thiransikiripiti yanu ku Mzuni, ku Luwinga, chifukwa fomu iliyonse idzaifuna ndipo siituluka tsiku limodzi. Pitani mukaonane ndi mphunzitsi wanu wakale mmodzi amene akukukumbukirani, kuti akadzafunsidwa kalata yokuchitirani umboni asadzalembe za munthu wosamudziwa. Uzani mkulu wa labu yanu zimene mukuganiza, popeza chilolezo chogwiritsa ntchito kaundula chidzadutsa kwa iyeyo ndi kwa akuluakulu a chipatala. Kenako lembani tsamba limodzi lokha: chimene mwaona, chifukwa chake n'chofunika kwa odwala a kuno, ndi m'mene mungachiwerengere. Mukalilemba nditumizireni kudzera kwa akonzi, ndidzaliwerenga ndi cholembera chofiira, ndipo ndidzakuuzani ngati likuloza ku MPH, ku epidemiology kapena ku benchi.